Madzi Amene a Yakobe Sanamwe

Mukafika ku Zingwangwa n'kufunsa kwa a Blackson Yakobe, anthu angokuyang'anani. Koma mukati "kwa a Wiritsani," ngakhale mwana wamamina akulozerani: kuseri kwa msika, nyumba ya khonde lalitali, pamene mbaula imafuka ngakhale dzuwa lili paliwombo. Dzinali anawapatsa ndi ana. Munthu wake ndi wamfupi, wadazi, ndipo pa ukwati samwa thobwa asanafunse kumene kunatungidwa madzi ake. Anthu amaseka, iwonso amaseka nawo, koma kuseka kwake n'kwa mano okha. Dzinali limawalasa, ndipo sanayesepo kulikana chifukwa amaona kuti n'lowayenera.

Agogo awo anachokera ku Mozambique kudzathyola tiyi ku Mulanje, bambo awo n'kukhala telala pakhonde la sitolo ku Limbe. Blackson anabadwa ndi matenda ofuna kudziwa zam'kati mwa chinthu. Ali mwana anaphwasula wotchi ya bambo ake, ndipo chikoti chimene analandira tsiku limenelo sichinamuchiritse. Atakula anapeza ntchito mu labu ya fakitale ina ya sopo, komwe ankayeza mafuta ndi soda atavala khoti loyera. Matipate atabwera, fakitale inachepetsa anthu, ndipo mu 1995 a Yakobe anabwerera kunyumba ndi khoti lija komanso katoni ya mabotolo osweka milomo amene anali oti akatayidwe. Anayamba kukonza mawailesi pakhonde, akazi awo a Teresa akuthandizira ndi zitumbuwa.

Inalinso nthawi imene sukulu yaulere inali itangoyamba. Ana anasefukira, mphunzitsi mmodzi n'kumalimbana ndi chikhamu pansi pa mtengo, ndipo sayansi inasanduka nyimbo yoloweza. Tsiku lina a Yakobe anamva mwana wawo Kondie akuimba kuti mpweya uli ndi kulemera. Atamufunsa kuti wadziwa bwanji, mwana anati, "Anatero aticha." Zinawapweteka kuposa kuchotsedwa ntchito. Sabata yomweyo anakapempha akulu a mpingo kuti awabwereke vesitile, kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi, masana, ana akaweruka.

Ana anaitcha kalasi ya mabotolo. Ankabwera a sitandade fayifi mpaka anyamata a fomu thuu omera kale ndevu, ndipo lamulo linali limodzi: chilichonse uchigwire ndi manja ako. Ankachotsa maginito m'masipika a mawailesi akufa n'kumatola nawo misomali mumchenga. Ankavundikira kandulo ndi botolo kuti aone moto ukufa posowa mpweya. Ndipo eksiperimenti iliyonse inkathera pa Mawu a Mulungu. Maginito ankasanduka chikondi cha Ambuye chokoka ochimwa, kandulo n'kukhala mkhristu wosapemphera. Kunena zoona, nthawi zina phunziro ankachita kulikoka ngati mbuzi yokana kuwoloka kuti lifike pa vesi, koma linkafika ndithu. Apa ndi pamene panali luso lawo, ndipo ankanyadira kwambiri.

Mwa ana onsewo munali Alinane, mtsikana wa sitandade seveni wochokera ku Misesa. Ankabwera atabereka mlongo wake Lonjezo, kamwana kongoyamba kumene kuyenda, chifukwa mayi awo, a Agnes, ankaswera pamsika kugulitsa tomato, ndipo bambo anapita ku Joni n'kukhala zii. Alinane sankayankhula zambiri. Ankayang'anitsitsa manja a aphunzitsi, ndipo chimene waona masana ankakachipanga kwawo. Zimene a Yakobe anena, kwa iye zinali zosafunika kufunsanso wina.

Chakumapeto kwa 1998 kunabuka madandaulo. Amayi osesa m'tchalitchi ankati vesitile ikununkha palafini ndipo nsalu ya patebulo yadontheredwa kandulo. Ena ankanong'ona kuti zokoka misomali osaigwira n'zosayenera m'nyumba ya Mulungu. Choncho mkulu wa mpingo, a Limbani, munthu wamtali wopuma pa ntchito ya njanji, ananena kuti abwera ndi anzawo adzaone okha, kenako agamule ngati kalasi ipitirire.

A Yakobe anasankha phunziro limene silinawagwetsepo: kusefa madzi. Anatuma anyamata kukatunga madzi amatope mu Naperi, mvula itangoyamba kumene. Ana anadula chigubu kunsi, n'kuchizondotsa. Pakhosi pake anamanga kansalu, kenako anathira makala osinja, mchenga wotsuka, pamwamba timiyala. Phunziroli linali ndi mchira wake umene a Yakobe sankausiya: madzi akasefedwa ankawiritsidwa, ana akuonerera. Tsiku limenelo mbaula inali panja yodzaza kale makala, a Teresa atakhala pambali pake ndi machesi, kudikira kuitanidwa.

Alinane ndi amene anathira madzi ofiira aja pamwamba. Kenako kunsi kunayamba kudontha madzi oyera mbee, mpaka tambula inadzaza. A Yakobe anaikweza m'mwamba, mawu n'kuyamba kubwera okha. Anati mtima wa munthu uli ngati madzi a mu Naperi, wodzaza zonyansa za tauni yonse, koma ukadutsa m'manja mwa Ambuye umatuluka woyera, wopanda banga ngakhale limodzi. Analalikira bwino tsiku limenelo, tisawamane. Akulu aja ankagwedeza mitu, mmodzi mpaka anati "Ameni."

Ndiye a Limbani anakhosomola. "A Yakobe, zaoneka bwino ndithu. Koma ndifunseko: madziwa munthu angamwe?"

Yankho ankalidziwa ngati dzina lawo. Sefa imachotsa matope, osati tizilombo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Koma anali atangonena kumene kuti wopanda banga ngakhale limodzi. Akanatembenuka bwanji n'kuuza akulu a mpingo kuti mtima wotsukidwa uja udakali ndi majeremusi, ukufunika mbaula? Anaona ulaliki wawo ukugwa, vesitile ikupita nawo. Anakweza tambula, anaigunditsa pa milomo yotseka, anapendeketsa mutu n'kugwedeza kholingo ngati akumeza. Madzi anangonyowetsa ndevu.

Ana anawomba m'manja. A Limbani anawagwira chanza ndi manja awiri. Nthawi yomweyo kunja kunagunda bingu, ana n'kubalalika kuthawa mvula, ndipo a Teresa ananyamula mbaula yosayatsa kubwerera nayo kunyumba.

A Yakobe anadziuza kuti akonza pa kalasi yotsatira. Koma Lamulungu a Limbani anawaimiritsa pamaso pa mpingo wonse n'kufotokoza za madzi amatope amene anasanduka akumwa, anthu n'kululutira. Pa kalasi yotsatira anaphunzitsa za mithunzi. Kenako kunabwera holide.

Mpata wina unabwera wokha, ukuyenda ndi miyendo. Itangopita Khrisimasi, anthu akutuluka m'tchalitchi, Alinane anawathamangira, Lonjezo akudumphadumpha kumsana.

"Sala, kwathu ndapanga yaikulu, ya ndowa. Ikutulutsa oyera kuposa ya kuno. Amayi asiya kuwiritsa madzi a Lonjezo, akuti bola makala akumatsalako."

A Yakobe anatsegula pakamwa kuti amuchenjeze. Koma a Limbani anali ataima pomwepo, dzanja lili paphewa pawo. "Mwaona zipatso, aphunzitsi?" anatero mkuluyo.

"Wachita bwino, mwana wanga," anatero a Yakobe.

Mumtima anati mawa m'mawa akwera ku Misesa akawauze mayi ake paokha. Mawa lake kunabwera munthu ndi wailesi yofunika msanga. Mkuja wake kunagwa mvula, njira n'kukhala matope. Tisawanamizire kuiwala, chifukwa sanaiwale. Ankakumbukira m'mawa uliwonse akamamwa tiyi wawo wa madzi owira bwino, ndipo m'mawa uliwonse manyazi ankawauza kuti mawa n'tsikunso.

Mu Januwale kolera inalowa m'matauni. Mipope inkauma, anthu n'kumatunga m'zitsime za m'mbali mwa mitsinje, ndipo kuchipatala anakhoma matenti. Lonjezo anayamba kutsegula m'mimba m'mawa mayi ake ali kumsika. Pofika naye kumatenti maso anali atalowa kale, ndipo tsiku lotsatira mwana anapita. Maliro ake anali achangu monga amakhalira maliro a kolera: osasambitsa, osaona nkhope, osaphika.

A Yakobe anapita kukapepesa ali okonzeka kutukwanidwa. Mwina ankafuna kutero, chifukwa munthu akakutukwana katundu amapepukako. Koma a Agnes, atakhala pamphasa maso ali otupa, anawagwira dzanja. "Tinayesetsa, aphunzitsi. Madzi ake tinkasefa bwinobwino monga munaphunzitsira. Kaya zinalowera pati. Zikomo kuti mwabwera." Amayi ena anati ndi chifuniro cha Mulungu, a Yakobe n'kuvomereza ndi mutu.

N'zoona kuti palibe amene angalumbire kuti matenda analowera m'ndowa ija. Kolera imabwera ndi ntchentche, ndi mango osatsuka, ndi chanza. A Yakobe ankadziwerengera njira zonsezi akuwotcherera mawaya pakhonde, koma akamaliza ankapezeka abwerera pa tambula yomwe ija. Anasiya kuvala khoti loyera.

Sukulu zitatsegulidwa Alinane sanabwere ku kalasi, ndipo anzake anati ngakhale kusukulu sakupita. Kenako masana ena anatulukira pakhonde la a Yakobe. Anali ataonda mpaka diresi kumukhuthukira, ndipo poima ankapendekerabe kutsogolo ngati wabereka mwana. Anagwada patali.

"Sala, ndabwera kudzafunsa pamene ndinalakwitsa."

"Kulakwitsa chiyani, Alinane?"

"Sefa ija. Ndinaika kansalu, makala, mchenga, miyala. Mchenga ndinatsuka mpaka manja kutuwa. Ndaiphwasula, ndaipanganso, sindikuona mistake. Inu munamwa osadwala." Anakanda pansi ndi chala. "Ndiye ndimaganiza. Munati madzi ali ngati mtima. Tsiku lina Lonjezo ankalira nthawi ya eksiperimenti, ndinamutsina. Mumtima ndinati bola akanapanda kubadwa. Mwina sefa inakana chifukwa anaipanga ndi munthu wa mtima wakuda?"

Mwana anali atatenga ulaliki wawo wonse n'kudzimangira pakhosi. Mawu oti amumasule anali ochepa, ndipo a Yakobe anali nawo pakamwa. Koma anaona mpingo, anaona a Limbani, anaona a Agnes akuwagwira dzanja pamphasa paja.

"Ayi, usamaganize choncho," anatero. "Tiye tipemphere."

Anapemphera pemphero lalitali, lokoma, lodzaza mavesi. Atati ameni, mtsikana anathokoza n'kunyamuka, nkhope ili chimodzimodzi mmene anabwerera.

A Teresa anamva zonse ali kuseri kwa chitseko, akukanda ufa wa zitumbuwa. Anatuluka manja ali mbuu. Ndi mayi wosachulutsa mawu, ndipo chiyambire ukwati wawo anali asanawadzudzulepo amuna awo pa za kalasi.

"Bambo a Kondie, tambula ija ndinatsuka ndine."

A Yakobe sanadzutse mutu.

"Inali yodzaza. Madzi ake ndinathira pa maluwa a kutchalitchi. Ndinakhala chete poganiza kuti mukonza nokha, ndiye tchimo limeneli nanenso ndili nalo gawo. Koma uyu mwamuona mmene waondera? Mayi ake akuti sakudya. Mmodzi tamuika kale. Mukudikira kuti tikaikenso wachiwiri?"

"Ndikanena, amake Kondie, kalasi yatha. Anthu andiona bwanji?"

"Akuonani mmene mulili," anatero a Teresa, n'kubwerera ku ufa wawo.

M'mawa mwake a Yakobe anakwera ku Misesa wapansi. Njira imene inkawakanika masabata onse aja inapezeka kuti ndi yaifupi mochititsa manyazi. Anapeza a Agnes pabwalo akusankha tomato, Alinane atakhala pakhonde osachita kanthu. Pakona panali ndowa ija, itakwezedwa pa njerwa, ikudonthera mumphika. Ankaigwiritsabe ntchito.

Atalonjerana, a Yakobe anapempha kuti aione. Anasuzumira, anakhudza mchenga, anayang'ana kansalu. Inali yopangidwa bwino kuposa yawo. Anabwerera n'kukhala pansi, kusiya mpando umene anawapatsa.

"Alinane, sefa yako ilibe mistake ngakhale imodzi. Mtima wakonso ulibe mlandu. Sefa imachotsa matope basi, majeremusi amadutsa. Madzi osefa amayenera kuwiritsidwa, ndipo ine sindinakuuzeni. Tsiku lija sindinamwe. Ndinatseka milomo. Ndinkafuna akulu a mpingo andiyamikire."

A Agnes anasiya tomato ali m'manja. Mtsikana anawayang'ana nthawi yaitali, ndipo aka kanali koyamba kuti awayang'ane m'maso.

"Ndiye tsiku lija kutchalitchi, nditakuuzani kuti amayi asiya kuwiritsa, munkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

"Munati ndachita bwino."

"Ndinatero."

A Agnes anadzuka pang'onopang'ono, anatenga kapu, anatunga mumphika wa pansi pa ndowa uja. Anabwera nayo, anagwada monga amachitira mayi popereka madzi kwa mlendo, n'kuipereka ndi manja awiri.

"Mwayenda mtunda, aphunzitsi. Imwani."

A Yakobe analandira. Madzi anali oyera mbee. Mumtima anamva ngati kupepukidwa, poti mlandu suola ndipo uwu unali utawapeza. Anatsegula pakamwa n'kukweza kapu.

Alinane anawalanda isanafike pamilomo. Anakhuthulira madziwo m'kapoto, anakaika pa mbaula, anawonjezera makala n'kuyamba kukupiza ndi chivundikiro. Atatuwo anadikira, ndipo madzi pang'ono ngati amenewo anatenga nthawi yaitali modabwitsa kuti awire. Atabwadamuka, mtsikana anawabwezera m'kapu n'kuika patsogolo pa aphunzitsi ake. Misozi inali ikutsika m'masaya mwake. A Yakobe anamwa akadali otentha, lilime n'kupsa, ndipo anamaliza onse.

Atatsanzika palibe anayankha, ndipo palibe anawaperekeza ngakhale kufika pa mpanda.

Lamulungu lotsatira a Yakobe anaima pamaso pa mpingo umene unawalulutira uja n'kunena zomwezo, kuti aliyense amene anapanga sefa kunyumba aziwiritsa madzi. Vesitile anawalanda, ndipo sanadandaule. Makolo ambiri anachotsa ana awo. Otsalawo anayamba kukumana pakhonde, pakati pa mawailesi akufa, ndipo chiyambire pamenepo phunziro lililonse, kaya ndi la maginito kaya la mithunzi, limayamba ndi ketulo pa mbaula. Mavesi akadalipo, koma a Yakobe anasiya kuwakokera phunziro. Likakana kufika amalisiya pomwe laima. Alinane sanabwererenso, ndipo akakumana nawo panjira amapatuka.

Patapita masabata angapo chichitikire za ku Misesa, a Teresa ankadutsa pa mabenchi a tomato ndi beseni lawo la zitumbuwa. Anafulumiza mapazi pofika pa benchi la a Agnes, koma anamva akuitanidwa. Moni panalibe. A Agnes ankaunjika tomato wawo osadzutsa maso.

"Mukawauze amuna anu," anatero, "kuti mwana uja wayamba kudya."